Mtengo wa mandolini ya amdala

Anthu a kuno kum'mawa amakhulupirira kuti munthu wa pa wailesi amadziwa chilichonse chokhala ndi waya. Timalandira mauthenga a maliro, a mbuzi zosowa ndi a misonkhano ya makopaletivu, koma timalandiranso mafoni okana kuyaka, masipika ong'ambika, ndi mabatire a sola amene eni ake amafuna tiwauze ngati afa kapena angokomoka. Ife ndife odzipereka chabe. Malipiro tilibe, ndipo masetifiketi athu a ku koleji ndi a zinthu zina: wina za magetsi, wina za uphunzitsi, wina za ulimi. Koma wailesi ya m'dera ndi ya eni dera, choncho kukana kumavuta. Mwa zonse zimene zinadutsapo pa tebulo lathu, chimene chinatidyera nthawi yaitali ndi mandolini yakale.

Eni ake ndi amama ena amasiye, a zaka za m'ma 70. Amuna awo anatumizidwa ku East Germany kukaphunzira za makina m'nthawi ya a Kaunda, ndipo anabwerako ndi sutukesi, jasi lolemera limene silinavalidwepo ngakhale mu Juni, ndi chida chimenechi. Amdalawo atamwalira, mandolini inakwezedwa pamwamba pa wadilopu, pafupi ndi malata, ndipo inakhala pamenepo zaka zambiri. Inatsika mu Okutobala chifukwa cha mkangano. Munthu wina woyenda m'midzi kugula zinthu zakale, monga nsimbi za makala ndi ndalama za atsamunda, anati apereka K250. Mdzukulu wa amamawo, mnyamata amene anali atangomaliza Giredi 12, anaona pa intaneti kuti mandolini ina yakale inagulidwa pa madola oposa 100,000, ndipo anafuna kuti ambuya ake amupatse ya basi akaionetse ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500. Amama iwo mtima unali pa feteleza, mvula ili pafupi. Funso lawo linali lalifupi: "Ana anga, ndiuzeni zoona. Ichi ndi chuma kapena ndi nkhuni?"

Funso lotere siliyankhidwa ndi chisoni, ndiponso siliyankhidwa ndi chisangalalo. Tikanati ndi chuma, ndalama ya feteleza ikanathera pa mseu wa ku Lusaka. Tikanati ndi nkhuni, wogula uja akanapita nayo akumwetulira. Tinapempha milungu 5, ndipo tinaitana akalipentala ena achikulire a pamsika, opanga zitseko ndi mabokosi a maliro, kuti tisewenze nawo.

Kwa amene simunaionepo, mandolini ndi kachida ka mawaya 8 oyenda awiriawiri. Awiri alionse amalira mawu amodzi, choncho mawu ake ndi anayi, G, D, A ndi E, monga a vayolini. Waya wake kuchokera kumutu kufika pa kathabwa konyamula mawaya, kamene oimba amati buliji, amatalika masentimita 33 mpaka 35, pafupifupi theka la wa gitala. Imalizidwa ndi kapulasitiki, osati ndi zala.

Mitundu yake ikuluikulu ndi itatu, ndipo nkhani ya mtengo imayambira pamenepa. Woyamba ndi wa ku Naples ku Italy, umene unatchuka m'zaka za m'ma 1700. Msana wake ndi wozungulira ngati chipanda chodulidwa pakati, wopangidwa ndi timizere ta matabwa tomatidwa pamodzi. Wachiwiri ndi wa ku America. Orville Gibson wa ku Kalamazoo, ku Michigan, ankasema nkhope ndi msana wa mandolini kuchokera ku thabwa lochindikala monga achitira opanga vayolini. Analembetsa luso lakelo ku boma mu 1898, ndipo kampani ya dzina lake inayamba mu 1902. Kuyambira 1922 mpaka 1924, katswiri wa pa kampaniyo, Lloyd Loar, ankasaina ndi dzanja lake mandolini za mtundu wa F-5. Zinali mazana ochepa chabe, ndipo Bill Monroe, tate wa nyimbo za bluegrass, ankaimba imodzi ya mu 1923. Zimenezo ndizo zimagulidwa ndalama zogulira nyumba, ndipo ndizo mdzukulu anaona pa foni yake. Mtundu wachitatu ndi wa msana wathyathyathya, wa matabwa opyapyala osasema. Ndi wosavuta kupanga, suterereka pamimba poimba, ndipo mafakitale a ku Ulaya anaupanga wochuluka kuti ana a sukulu ndi anthu wamba akwanitse kugula. Ya amdala ndi ya mtundu wachitatuwu.

Choyamba chimene tinachita ndi kumasula mawaya. Amene analipo sanali ake. Wina anaikapo mawaya a gitala, ndipo awiri anali timawaya tosomola ku chingwe cha mabuleki a njinga, monga timachitira pa banjo ya chigubu. Banjo ya chigubu imapirira zimenezo, koma mandolini iyayi. Mawaya 8 achitsulo akachunidwa bwino amakoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50, usana ndi usiku, pa kabokosi ka matabwa opyapyala ngati chikuto cha buku. Mawaya onenepa amawonjezera katunduyo. Chida chokhala zaka zambiri chili chomangika chotero chimapindika khosi kapena kulowa nkhope.

Pambuyo pake tinangoiyang'ana, popanda kugwira sikuludilaiva. Kuseri kwa mutu kuli chidindo chozilala cha mawu akuti Made in GDR. Dziko la dzina limenelo linakhalako kuyambira 1949 mpaka 1990, choncho chidindo chokha chinatiuza malire a zaka zake, ndipo chinagwirizana ndi nkhani ya amama. Zida zambiri za mawaya za dzikolo zinkachokera ku Markneukirchen, tauni ya m'malire ndi dziko la Czech imene yakhala ikupanga zoimbira kuyambira m'ma 1600. Mkati munalibe pepala la dzina la wopanga, munangotsala chipsera cha guluu. Zimenezo sizinatidandaulitse, chifukwa pa chida chonse pepala ndilo losavuta kunamiza. Padziko pali mavayolini ambirimbiri a m'mafakitale okhala ndi pepala la dzina la Stradivari. Thabwa ndilo silinama.

Kuti mudziwe ngati nkhope ndi thabwa lenileni kapena pulayiwudi, yang'anani m'mphepete mwa bowo lotulukira mawu. Mizere ya thabwa ikatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi osaduka, ndi thabwa lenileni. Mukaona magawo osanjikizana ngati masamba a kabichi, ndi pulayiwudi. Nkhope ya iyi ndi thabwa lenileni la spruce, mtengo wachibale wa paini, wopepuka koma wolimba, umene opanga zoimbira amaukonda. Msana ndi m'mbali ndi pulayiwudi. Imeneyi inali nkhani yabwino pa mawu ndi nkhani yoipa pa mtengo, chifukwa zida zodula kawirikawiri sizikhala ndi pulayiwudi.

Tinagogoda nkhope ndi kachala pang'onopang'ono, malo ndi malo. Kwina inkayankha bwino, koma pafupi ndi bowo inkanjenjemera ngati ng'oma yong'ambika chikumba. Tinamangirira kagalasi ka m'bokosi la paudala ku waya, kukalowetsa pabowo, ndi kuunika ndi tochi ya foni. Mkati mwa nkhope mumakhala timatabwa topingasa, ngati nthiti, ndipo imodzi inali itamatuka mbali imodzi. Ndiye chifukwa chake nkhope inali italowa pang'ono kutsogolo kwa buliji. Panalinso mng'alu wa masentimita 9 wotsata mizere ya thabwa kuchokera kumchira, ndipo msana unali utalekana ndi mbali pa malo a zala zinayi. Makiyi awiri ochunira anali atagwidwa ndi dzimbiri.

Zimenezi zimaoneka zoopsa, koma si zimene zimapha chida. Zopha ndi zitatu, ndipo tinaziyesa mtima uli m'mwamba. Choyamba ndi khosi. Magitala amakono amakhala ndi chitsulo mkati mwa khosi chimene umapotokola likapindika, koma mandolini zakale zambiri zilibe. Tinagoneka rula yachitsulo pamwamba pa mafuleti, tizitsulo topingasa pa khosi tija, ndipo inakhudza onse, kungotsala kampata kopyapyala pakati kolowa pepala limodzi. Khosi linali lowongoka. Chachiwiri ndi polumikizira khosi ndi thupi. Tinaligwedeza uku ndi uku, silinasunthe. Chachitatu ndi kufumbwa. Tinaigwedeza pamwamba pa pepala loyera, sipanagwe ufa, ndipo tibowo ta tizilombo panalibe. Akalipentala anati, "Uyu wodwala ndi wochira." Chimodzi mwa zitatuzi chikanakhala choipa, tikanauza amama kuti ailandire K250 ija.

Mng'alu uja unabwera ndi nyengo yathu. Aliyense adziwa kuti chitseko chimakana kutsekeka mu Janyuwale ndi kusiya mpata mu Okutobala. Thabwa limamwa chinyezi ndi kufufuma, limauma ndi kufota, ndipo limachita zimenezi m'mimba mwake, osati m'litali. Nkhope ya mandolini imafuna kufota, koma nthiti zomatidwa mopingasa zimaikaniza, ndiye imang'aluka. Opanga zoimbira amalangiza kuti chinyezi cha mu mpweya chikhale pakati pa 45 ndi 55 pa 100 alionse. Mpweya wa pansi pa malata mu Seputembala ndi Okutobala umauma kupitirira pamenepo kutali. Choncho tisanamate chilichonse, tinaika mandolini mu pulasitiki yaikulu pamodzi ndi siponji yonyowa ya m'kambale, yosakhudza thabwa, ndi kumanga kukamwa. Tsiku lililonse tinkatsegula kuona kuti nkhungu isamere. Patapita masiku 10, mng'alu umene unkalowa chikhadabo unatsekeka wokha, kutsala kamzere ngati tsitsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'masiku 10 amenewo alangizi anachuluka. Aliyense wobwera kudzapereka uthenga anali ndi mankhwala ake. Wina anati supaguluu ndi soda, monga amatira mabampa a galimoto. Wina anati timisomali ting'onoting'ono. Wina anati tiipale yonse ndi sandipepa ndi kuipaka vanishi kuti iwale ngati yatsopano. Onse ankafunira chidacho zabwino, ndipo zida zakale zambiri zimafa ndi chikondi chothamanga chotere. Supaguluu amalowa m'thabwa ndi kuuma ngati galasi. Akalakwika malo samatuka popanda kung'amba thabwa, ndipo guluu wina sagwiranso pamene iye wadutsa.

Akalipentala anali ndi lamulo lawo: guluu wabwino ndi amene amalola kumatulidwa. Ali mnyamata anaphunzira nchito ndi guluu wophika, wochokera ku zikumba ndi mafupa a ng'ombe. Anakanda kachidutswa ka guluu wakale mkati mwa mandolini, kofiirira ngati shuga wopserera, ndi kukaika m'madzi ofunda. Kanafewa. Anali guluu wa mtundu womwewo. Ubwino wake ndi wakuti akauma amalimba kwambiri, satambasuka ndi kukoka kwa mawaya, koma kutentha ndi chinyezi zimamufewetsanso, ndipo watsopano amagwirana ndi wakale popanda kupala. Ndiye chifukwa chake mavayolini a zaka 300 atsegulidwa ndi kutsekedwa kambirimbiri koma akali kuimba. M'mashopu a zomangira kuno simungamupeze, koma jelatini wopanda shuga wa mu shopu ya zakudya ndi chinthu chomwecho, choyeretsedwa chabe. Tinamuviika m'madzi ozizira, kenako tinaika kachitini kake mu poto wa madzi otentha pa mbaula. Sayenera kuwira, chifukwa akawira amataya mphamvu. Kutentha kwake ndi pafupifupi madigiri 60, koti chala chipirire kamphindi kochepa.

Vuto la guluu ameneyu ndi liwiro. Akachoka pamoto amayamba kugwirana isanathe mphindi imodzi kapena ziwiri. Choncho nchito iliyonse tinkaiyeseza kawiri popanda guluu, aliyense adziwe chimene dzanja lake ligwira, monga timayesezera sewero tisanatsegule maikolofoni. Tinayamba ndi nthiti. Wa zala zowonda pakati pathu analowetsa guluu pansi pake ndi kachidutswa ka pulasitiki kopyapyala, wina ataunika, ndipo akalipentala anaimika kamtengo kodulidwa pa muyeso pakati pa msana ndi nthitiyo kuti kaikankhire m'malo mwake. Tinaisiya tsiku lathunthu. Titachotsa kamtengo, nkhope inali itadzuka, ndipo kunjenjemera kuja kunatha.

Pa mng'alu tinapaka guluu pamwamba ndi kusindikiza thabwa ndi chala mofewa, kukweza ndi kutsitsa, kuti mng'aluwo uyamwe guluu wokha mpaka aonekere mkati. Wotsala tinapukuta ndi kansalu kofunda. Mng'alu womatidwa chabe umatsegukanso chilimwe chikabwera, choncho mkati mumafunika zigamba. Tinadula titatu, tokula ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kuchokera ku nkhope ya gitala ina yophwanyika, ndi kutimata mizere yake itapingasa mng'alu. Funso linali la chopanira, popeza palibe chida cha akalipentala chofika mkatimo. Yankho linali mu bokosi lathu la zinthu zakufa. Tinachotsa maginito ku masipika owonongeka, imodzi mkati pamwamba pa chigamba, ina kunja pa kansalu, ndipo zinapanana zokha. Msana tinaumata ndi kuukulunga ndi malegeni a chubu cha njinga, titaika makatoni m'mphepete kuti mphira isasiye zipsera.

Makiyi tinawamasula, kusunga tizisikuluu take mu mbale molingana ndi malo ake, ndi kuwaviika mu palafini usiku wonse. M'mawa mswachi wakale unachotsa dzimbiri ndi mafuta ouma, ndipo dontho limodzi la mafuta a makina osokera pa giya iliyonse linamaliza nchito. Kiyi yogwira siikakamizidwa ndi pulayala. Mano ake ndi a mkuwa wofewa, ndipo akathyoka simudzapeza ena olingana ndi mabowo akale. Mafuleti asanu oyamba anali ndi timaenje tosazama pamene zala za amdala zinkakonda kuponda. Tinawasiya, chifukwa mawaya sankagunda pena paliponse.

Pa nkhani ya vanishi tinalimbana ndi mdzukulu. Iye ankaganiza kuti chowala ndicho chimagulidwa. Tinamufotokozera kuti ogula zida zakale amatsitsa mtengo akaona utoto watsopano, ndiponso kuti vanishi wa zitseko ndi wolemera, amamanga thabwa kuti lisanjenjemere, pamene mawu onse amachokera ku kunjenjemerako. Koma amene anathetsa nkhaniyi ndi ambuya ake. Pansi pa bowo pali kadanga kotuwa pamene utoto unatha, malo amene kachala kakang'ono ka woimba kamatsamira. Amama anaikapo chala chawo ndi kunena kuti, "Apa musakhudzepo." Tinangopukuta thupi lonse ndi nsalu yonyowa pang'ono ndi kuumitsa pomwepo.

Buliji ya mandolini simatidwa. Imangokhala pa nkhope, mawaya ndiwo amaipanikiza, choncho imasuntha, ndipo ikasuntha chida chonse chimanama. Malo ake amapezeka ndi masamu osavuta: fuleti ya nambala 12 ili pakati penipeni pa waya. Tinayeza kuchokera poyambira mawaya kumutu kufika pa fuleti imeneyo, masentimita 16.5, ndiye buliji inayenera kukhala pa masentimita 33. Nkhope ya mandolini iyi ili ndi popindika pang'ono mopingasa, pomwe thabwa limayamba kutsetsereka kupita kumchira. Kupindikako kumalimbitsa nkhope, ndipo buliji iyenera kukhala kutsogolo kwake, mbali ya bowo. Ife tinaipeza itakankhidwira kumbuyo ndi chala chathunthu. Kuti mapazi ake akhale bwino, tinayala sandipepa pa nkhope, mchenga utaloza kumwamba, ndi kukhuta buliji pamenepo pang'onopang'ono mpaka kuwala kwa tochi kunaleka kudutsa pansi pake. Kutalika kwa mawaya pamwamba pa fuleti ya 12 tinayeza ndi makhadi awiri a ku banki ogundanitsa, omwe ndi pafupifupi milimita imodzi ndi theka.

Mawaya tinaitanitsa ku Lusaka pa basi, opyapyala kuposa ena onse amene analipo. A mandolini amathera ndi kalupu kokoloweka pa kachitsulo ka kumchira, osati kampira ngati a gitala. Sitinawachune tsiku limodzi. Tinkakweza pang'ono, kugoneka rula pa nkhope kuona ngati ikulowa, ndi kusiya mpaka mawa. Tsiku lachitatu anafika pa mawu ake, nkhope ili nji. Chomaliza chinali kuyerekeza mawu a waya wosapondedwa ndi a waya wopondedwa pa fuleti ya 12. Ayenera kukhala mawu amodzi, ena aamuna ena aakazi. Opondedwa akakwera mopitirira, buliji ibwerere kumchira. Akatsika, ipite kutsogolo. Tinaisuntha mamilimita awiri, ndipo inavomera.

Tinaiyesa mu situdiyo usiku, titatseka mapulogalamu. Woimba anali mnyamata wa gulu la banjo la kuno, amene anafunika madzulo awiri kuti zala zizolowere machunidwe achilendo. Maikolofoni tinaiika patali ngati kutalika kwa rula ya kusukulu, moloza polumikizira khosi ndi thupi, chifukwa ikaloza pabowo mawu amagunda ngati a mu mgolo. Chiweruzo chathu ndi ichi. Mawaya a A ndi E ndi oyera, otsekemera, omveka bwino pa wailesi yaing'ono ya mabatire. A D ndi abwino. A G ndi owonda, alibe chifuwa, monga zimakhalira ndi kabokosi kosazama ka msana wa pulayiwudi. Phokoso ilibe lambiri, ndipo pakati pa ng'oma ikhoza kumira. Mawu ake amazima msanga, ndiye chifukwa chake oimba mandolini amanjenjemeretsa dzanja mofulumira pa waya mmodzi kuti mawu atalike. Mnyamata uja atapeza kanjenjemeredwe kameneko, tonse tinaleka kukamba.

Tsiku lopereka yankho tinawerengera amama zonse poyera. Mawaya ndi kutumiza kwake, jelatini, palafini ndi makala zinadya pafupifupi K400, yochokera mu thumba lathu la tiyi. Akalipentala anakana ndalama, anangopempha kuti tilengeze za shopu yawo kawiri. Choncho kukonza kokha kunaposa mtengo wa wogula uja. Tinawauzanso kuti mandolini za mtundu uwu zinapangidwa zambirimbiri, ndipo kwawo ku Germany zimagulidwa pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa gitala yatsopano ya wophunzira. Kuno, wogula woona mtima atapezeka, ndalama yake ingagule thumba limodzi la feteleza, osati awiri. Ndipo wogulayo ndi wosowa, chifukwa oimba mandolini kuno ndi owerengeka. Si nkhuni, koma si nyumba.

Mnyamata anakhala chete nthawi yaitali. Sitimuseka, ndipo inunso musamuseke. Mu mtima mwake ndalama ija inali italipira kale koleji, ndipo ife tinamulanda kolejiyo ndi rula ndi tochi. Chimene tinatha kumupatsa ndi chakuti tsopano adziwa kusiyanitsa thabwa losema ndi lopyapyala, thabwa lenileni ndi pulayiwudi, ndipo palibe amene adzamunamize pa chida, kaya pogula kaya pogulitsa. Amama iwo anafunsa chinthu chimodzi: ngati ingaimbe nyimbo zimene amdala ankaimba pakhonde. Anang'ung'udza imodzi, woimba wathu anaitsatira, ndipo pa ulendo wachitatu anaipeza. Atamva anati, "Lomba ndamva. Feteleza ndigulitsira mbuzi. Njala ikavuta mu Febuluwale mwina ndidzaigulitsa, koma tsopano ndidziwa mtengo umene ndingakane." Pakali pano anatibwereka. Imakhala mu kabati ya ku chipupa cha mkati, kutali ndi malata ndi zenera, ndipo kanyimbo kotsegulira pulogalamu yathu ya alimi ndi mawu ake.

Tikukamba zonsezi chifukwa tidziwa kuti si mandolini yokhayi imene ili pamwamba pa wadilopu. Atate ndi ambuya athu anabwera ndi magitala ndi makodiyoni kuchokera ku migodi ya Copperbelt, ku Kabwe, ku Hwange ndi ku Joni. Hugh Tracey anajambula oimba magitala a ku migodi m'ma 1950, ndipo mawu awo asungidwa ku International Library of African Music, imene iye anayambitsa mu 1954. Nyimbo za Alick Nkhata tikali kuziulutsa. Mawu anapeza owasunga, koma zida zimene zinatulutsa mawuwo zili m'manja mwa chiswe, malata ndi supaguluu. Ngati muli nacho chotere kunyumba, masulani mawaya lero lomwe, chitsitseni kuchoka ku denga, chikulungeni mu chitenje, ndipo chidutswa chilichonse chothothoka musunge mu envelopu. Musamate, musapake, musakhome msomali mpaka wina wodekha achiyang'ane mkati.

Mu chikwama cha nsalu chimene tinaisokera tinaikamo pepala. Talembapo tsiku, mng'alu ndi zigamba zake zitatu, nthiti imene inamatidwa, mtundu wa guluu, kukula kwa mawaya, ndi muyeso wa malo a buliji. Talembaponso kuti mafuleti asanu oyamba adzafuna kusinthidwa zaka zikubwerazi, ndi kuti kadanga kotuwa ka pansi pa bowo kasiyidwe mmene kalili, mwa lamulo la eni ake. Chilimwe china thabwa lidzatsegukanso penapake, pakuti ndi mmene matabwa alili kuno kwathu. Amene adzaitsegule nthawi imeneyo adzangofunika madzi ofunda ndi mpeni wopyapyala.